Kusankha hita ya m'galaja yogundizana ndi nyumba ku Dedza ndi ku Ntcheu

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamayambira nyanja yamchere, ndipo phiri lomwe lili kuseri kwake limafika mamita 2,198. N'chifukwa chake mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa 10°C, m'mawa nkhungu n'kukuta tauni yonse. Ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano ndi chimodzimodzi, pomwe wa ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku chigwa cha Bwanje sangaone chifukwa chogulira hita. M'madera ozizirawa galaja yogundizana ndi nyumba sikhala ya galimoto yokha. Wina amasokeramo zovala, wina amapaliramo matabwa, wina amakonzeramo njinga zamoto za kabaza, wina amaleleramo anapiye, wina waunjikamo matumba a mbatatesi.

Galaja yotere imagawana mpweya ndi zipinda zomwe mumagona. Pakati pake pamakhala chitseko cholowera kukhitchini kapena mu kolido, ndipo m'nyumba zambiri khoma lapakatilo limathera pomwe pali siling'i, kumwamba kwake n'kukhala pululu mpaka kukafika pamwamba pa zipinda za ana. Usiku nyumba imakhala yofundirako kuposa kunja, mpweya wake wofundawo umakwera n'kutulukira m'mipata ya kudenga, ndipo wolowa m'malo mwake umakokedwa kuchokera m'munsi, wina kudzera kunsi kwa chitseko cha galaja. Choncho chilichonse choyaka m'galajamo mumachipuma m'nyumba. Posankha hita yambani ndi mfundo imeneyi, mtengo ubwere pambuyo.

Mukufuna kufunditsa chiyani?

Ngati ndi galimoto, hita musagule. M'kati mwa galaja kuzizira kwa kwathu kuno sikufika poumitsa madzi a mu radiator kapena kulimbitsa dizilo. Galimoto yovuta kulira m'mawa nthawi zambiri ili ndi batire lotopa, ma terminal a dzimbiri, kapena ma heater plug (timapulagi tofunditsa injini isanalire) akufa ngati ndi ya dizilo, ndipo zonsezi amakaniko amakonza. Chizolowezi choyenera kuthetsedwa ndi chosiya galimoto ikulira m'galaja kuti injini itenthe. Injini yozizira ndi imene imatulutsa carbon monoxide wambiri, mpweya wapoizoni wosaoneka, popeza catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chomwe chili pa ekizozi, siyamba ntchito isanatenthe, ndipo galimoto zina chipangizochi chinachotsedwa kale. Ngakhale chitseko chachikulu chili chotsekula utsi wina umalowabe m'nyumba. Lizani, tulutsani, ikatenthere pabwalo.

Mbatatesi imafuna pozizira ndi pamdima. Mukaifunditsa imayamba kumera ndi kufota, ndiye galaja yosungiramo zokolola isiyeni momwe ilili.

Anapiye ndi amene amafunadi kutentha: 32 mpaka 35°C pomwe akhalapo sabata yoyamba, kenako kumachepetsa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse. Koma kutenthetsa galaja yonse kufika pamenepo kunja kuli 8°C kungafune mphamvu yoposa mawati 6,000. Njira yake ndi kuzunguliza malo ochepa ndi hardboard yotalika masentimita 45 mpaka 60, n'kupachika babu la infrared la mawati 250 pa tcheni, masentimita pafupifupi 45 mpaka 50 pamwamba pa utuchi. Babulo likhale mu holder ya ceramic, chifukwa ya pulasitiki imasungunuka, ndipo lisalendewere pa waya wake wamagetsi. Anapiye akaunjikana pansi pa babu ndiye kuti akuzizidwa, akathawira m'mbali kwawatenthera. Magetsi akathima alimi ambiri amathamangira mphika wa makala. M'khola lapadera lolowa mphepo zimenezo zimatheka, koma m'galaja yogundizana ndi nyumba ayi. Amene akulera anapiye nyengo yozizira m'dera lothimathima magetsi, khola alimange patali ndi nyumba.

Watsala munthu wogwira ntchito maola awiri kapena atatu m'mawa kapena madzulo, ndipo ndi iyeyu amene nkhani yonse yotsatirayi ikumukhudza.

Kutentha kumathawira kuti

Titenge galaja wamba ya galimoto imodzi: mamita 3 m'lifupi, 6 m'litali, 2.7 kupita m'mwamba, makoma a njerwa zootcha opaka pulasitala, denga la malata lopanda siling'i, chitseko chachitsulo. Tinene kuti kunja kuli 7°C ndipo m'kati mukufuna 17°C, kusiyana kwa madigiri 10.

Lata palokha limataya mawati 6 mpaka 7 pa sikweya mita iliyonse pa digiri iliyonse ya kusiyana. Denga la masikweya mita 18 ndiye kuti likutaya mawati pafupifupi 1,200. Makoma atatu oyang'ana kunja, omwe pamodzi ndi masikweya mita ngati 27, amataya pafupifupi 600. Khoma logundizana ndi nyumba sitiliwerengera. Chitseko chachitsulo cha mamita 2.4 ndi 2.1 chimataya ngati 300. Mphepo yolowera m'mipata ya chitseko, m'mavendi ndi pomwe malata akumana ndi khoma imatenga enanso 300, ndipo simenti yapansi imamwa oposa 100. Zonse pamodzi ndi mawati pafupifupi 2,500, theka lake likutulukira kudenga. Kuyatsa hita pansi pa malata opanda siling'i kuli ngati kutunga madzi m'dengu.

Mukakhoma siling'i yokha, kutaya kwa kudenga kumatsika kufika pafupifupi 500. Mukayala pamwamba pake fibreglass (chotchingira kuzizira chooneka ngati thonje) yokhuthala mamilimita 50, kumatsika kufika pansi pa 150. Mukakhomeranso labala kunsi kwa chitseko chachikulu ndi m'mbali mwake (chidutswa cha chubu chakale cha galimoto chimagwira ntchitoyi bwino), galaja yomweyo imangofuna mawati pakati pa 1,300 ndi 1,500. Ndalama ya siling'i mumalipira kamodzi, ya mayunitsi mumalipira chaka ndi chaka. Polystyrene, pulasitiki yoyera yopepuka ija yotetezera katundu m'makatoni, naye amatchinga kuzizira, koma amayaka mofulumira n'kutulutsa utsi woipa, choncho asakhale poyera m'chipinda chomwe mumawotchereramo zitsulo kapena kugwiritsa ntchito grinder.

Za magetsi

Hita iliyonse yamagetsi yotenthetsa ndi waya imasandutsa yuniti imodzi kukhala kutentha kofanana. Ya mawati 2,000 ya mtengo wotsika ndi ya mawati 2,000 ya mtengo wokwera zimadya mayunitsi 2 pa ola zonse ziwiri, ndipo wogulitsa wonena kuti yake imapulumutsa magetsi akunena za thermostat chabe, yomwe imazimitsa hita chipinda chikafunda. Kusiyana kuli pa momwe kutenthako kumakufikirani.

Hita ya fani imatenthetsa mpweya msanga, koma mpweyawo umakwera kudenga, ndipo mukatsekula chitseko chachikulu wonse wapita. Imakokanso fumbi ndi utuchi n'kuziunjika pa waya wofiira m'kati mwake, ndiye kwa kalipentala siyoyenera. Ya mafuta otsekeredwa m'kati omwe magetsi amangowatenthetsa, yooneka ngati radiator ya matayala, imatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti muyambe kuimva, koma ilibe waya wofiira poyera ndipo sipanga phokoso. Imakhala bwino m'galaja ya siling'i momwe telala amakhala tsiku lonse. Ya infrared, ya timachubu tofiira ta quartz kapena halogen, imawalitsa kutentha pa munthu ndi pa zinthu zomwe yayang'ana, osadikira kuti mpweya ufunde. M'galaja yopanda siling'i, kwa munthu woima pa benchi maola awiri, iyi ndiyo yanzeru: mawati 800 mpaka 1,200 amakwana pomwe ya fani ikanafuna 2,500. Sankhani yopachika pakhoma, muiike mamita pafupifupi 2 kuchokera pansi itaweramira pomwe mumaima, ndipo kutsogolo kwake pasakhale nsalu, makatoni kapena matabwa pa mtunda wa mita imodzi.

Werengerani mayunitsi musanagule. Hita ya mawati 2,000 yoyaka maola 3 patsiku imadya mayunitsi 180 pamwezi, pomwe ya 1,000 imadya 90. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti womwe uli pa lisiti lanu la ESCOM. Air conditioner yotha kutenthetsa imapereka kutentha kowirikiza pafupifupi katatu pa yuniti iliyonse, koma mtengo wake sungabwerere pa miyezi iwiri kapena itatu ya chisanu m'galaja.

Moto umayambiranso pa waya ndi pa pulagi, osati pa hita pokha. Magetsi athu ndi a 230 V. Hita ya mawati 2,000 imakoka maampu 8.7, ya 3,000 imakoka 13, omwe ndi malire enieni a pulagi yathu ya mano atatu amakona yokhala ndi fiyuzi. Pa soketi wamba musapitirire mawati 2,000. Soketiyo ikhale pa waya wa 2.5 mm² wochokera ku bokosi la ma breaker. M'magalaja ambiri soketi inaonjezeredwa nyumba itatha kale, ndipo waya wake anangolumikiza ku wa mababu, wa 1.5 mm² kapena wocheperapo. Chizindikiro chake n'chakuti breaker ya mababu imagwa mukayatsa hita. Apa ena amachotsa breaker yaing'onoyo n'kuikapo yaikulu. Kutero ndi kuchotsa chitetezo cha waya: breaker sigwanso, koma waya akutentha m'denga momwe simukuona. Itanani wazamagetsi wovomerezeka akoke waya watsopano, aonenso ngati waya wa earth ulipo komanso ngati pali earth leakage ya 30 mA, switch yodula magetsi akayamba kudutsa mwa munthu kapena kuthawira pansi, popeza pansi pa galaja pamakhala ponyowa nthawi zina.

Hita zambiri zochokera ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira. Kuilowetsa kudzera pa adaputala ndi komwe kumasungunula soketi, chifukwa mano sagwirana zolimba ndipo pomwe pali polobodoka pamatentha. Dulani pulagiyo, muikepo ya maampu 13 yokhala ndi fiyuzi, mumange masikuluwu zolimba. Ma extension otchipa a mabowo anayi kapena asanu si a hita. Ngati simungachitire mwina, extension ikhale ya waya wa 1.5 mm² kapena kuposa, yaifupi, yotambasulidwa yonse, chifukwa waya wokulungidwa amasunga kutentha. Hita ikayaka mphindi 20 gwirani pulagi ndi dzanja. Kufunda pang'ono si vuto, koma ngati simungathe kuigwira nthawi yaitali, kapena pulasitiki yayamba kusintha mtundu, zimitsani.

Madzulo anthu akamaphika, mphamvu ya magetsi imatsika m'malo ena. Ikatsika kuchoka pa 230 kufika pa 200 V, hita ya mawati 2,000 imangotulutsa pafupifupi 1,500, ndiye musafulumire kunena kuti yafa. Za sola ndi inverter iwalani: batire la 12 V, 100 Ah limasunga mayunitsi 1.2 okha, ndipo ngati ndi la lead acid oyenera kugwiritsa ntchito ndi theka, lomwe hita ya mawati 2,000 imamaliza mphindi 20 zisanakwane. Jenereta ya petulo imasandutsa magetsi gawo losafika kotala la mphamvu ya mafuta ake, ndipo siyenera kulira m'galaja ngakhale pang'ono, kaya chitseko ndi chotsekula.

Gasi ndi palafini

Kuthimathima kwa magetsi ndi komwe kumakankhira anthu ku hita ya gasi, ija ya matayala ya mapanelo atatu, silinda ya makilogalamu 9 ili kumbuyo kwake. Mapanelo onse akayaka imatulutsa mawati pafupifupi 4,200 ndipo imadya magalamu ngati 300 pa ola, ndiye silinda imatha pa maola pafupifupi 30. Panelo imodzi imatulutsa mawati ngati 1,500 ndipo silinda imapitirira maola 80. Kutentha kwake n'kokoma, koma hita imeneyi ilibe chumuni, zonse zotsala poyaka zimathera m'chipindamo. Kilogalamu imodzi ya gasi ikayaka imatulutsa madzi pafupifupi malita 1.6 ngati nthunzi. Nthunziyo ikagunda malata ozizira imasanduka madontho, masipanala ndi makina osokera n'kuchita dzimbiri, matabwa n'kufufuma. Imadyanso okosijeni, ndipo okosijeni akachepa moto umayamba kupanga carbon monoxide. Lawi labwino ndi labuluu. Likakhala lachikasu ndi kusiya mwaye, hita ikufunika kukonzedwa.

Hita zabwino zimakhala ndi ODS, kachipangizo komwe kamatseka gasi okosijeni akatsika kuchoka pa 21 peresenti kufika cha m'ma 18. Pano pali nkhani ya ku Dedza yeniyeni. Pa mamita 1,600 mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 17 peresenti kuyerekeza ndi kunyanja yamchere, ndipo timabuku ta hita zina timachenjeza kuti kupitirira mamita pafupifupi 1,400 kalawi kakang'ono koyatsira kangathe kumazima kokha. Hita ikamazimazima, wina amapinda kachitsulo ka thermocouple, komwe kamatseka gasi lawi likazima, kapena kumangirira batani kuti gasi asatseke. Amenewo ndi mathero a chitetezo chonse cha hitayo. Tsukani kabowo ka kalawiko, tsekulani zenera, ndipo ikapitiriza ibwezeni komwe munagula.

Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amayenda pansi n'kukadzaza malo otsika. Galaja yokhala ndi dzenje loyang'anira kunsi kwa galimoto siyoyenera silinda. Regulator, chochepetsa mphamvu ya gasi chomangidwa pa silinda, ikhale ya 2.8 kPa kapena yomwe yalembedwa pa hitayo, payipi ya labala imangidwe ndi makilampu mbali zonse ziwiri, ndipo isinthidwe ikang'aluka kapena ikakwana zaka 5. Mukasintha silinda pakani madzi a sopo polumikizira. Pakatuluka thovu, pakudontha. Osayesera ndi machesi. Mukamaliza tsekani ku silinda, osati pa batani la hita pokha. Ndi zonsezi, hita ya gasi m'galaja yogundizana ndi nyumba ndi ya masana, munthu ali pomwepo ali maso, zenera lili lotsekula masentimita angapo, chitseko cha kunyumba chotseka, galimoto ili kunja.

Hita ya palafini ili ndi mavuto omwewa, kuonjezerapo fungo ndi mwaye. Lita imodzi imapereka kutentha kofanana ndi mayunitsi pafupifupi 10 ndipo imasiya madzi ngati lita imodzi mumpweya. Choopsa chake china ndi mafuta osakanizidwa kapena zigubu zosokonekera: petulo akalowa mu hita ya palafini imaphulika.

Mbaula

Mbaula ndi imene ili pafupi ndi aliyense, ndipo ndi imene imapha. Makala amatulutsa carbon monoxide wambiri nthawi yonse yomwe akuyaka. Chikhulupiriro chakuti makala akafiira n'kusiya kufuka utsi ndiye kuti ali bwino kulowa nawo m'nyumba n'cholakwika, chifukwa mpweyawu ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo umatulukabe makala akamanyeka pansi pa phulusa. Kuika mphika wa madzi pambaula sikuchotsa kalikonse. Carbon monoxide amagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kowirikiza ka 200 ndi kupitirira. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe ambiri amaziyesa malungo kapena chimfine, kenako tulo. Wogona kale samva chilichonse. Ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndi amene amayamba kugonja, ndipo ndi omwewo amene agona kuseri kwa khoma la galaja.

Anthu angapo m'nyumba akamva mutu nthawi imodzi, n'kumapezako bwino akatuluka panja, ganizirani mpweyawu. Tsekulani zitseko zonse, tulutsani aliyense, thamangirani kuchipatala cha boma ku Dedza, ku Ntcheu kapena china chili pafupi, ndipo mukafotokoze kuti munali mbaula, gasi kapena jenereta kuti akamuike pa okosijeni. Mkaka suchotsa poizoniyu, ndipo munthu wokomoka musamumwetse kanthu.

Ngati galaja inasiyiratu kusunga galimoto ndi mafuta, sitovu yachitsulo yotsekeka yokhala ndi chumuni imatheka. Chumunicho chitulukire kunja n'kukwera pafupifupi mita imodzi pamwamba pa pomwe chaboolera denga, chisakhudze mapulanga, ndipo mwaye uzichotsedwa chisanu chisanayambe.

Petulo, thinner ndi khoma lapakati

Petulo amatulutsa nthunzi yotha kuyaka ngakhale kutazizira kufika pa madigiri 40 pansi pa ziro, choncho chisanu cha ku Tsangano sichimuletsa. Nthunziyo ndi yolemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya ndipo imakwawa pansi mamita angapo kuchokera pa chigubu. N'chifukwa chake malamulo a zomangamanga ku United States amafuna kuti chilichonse chotha kuyatsa moto m'galaja chikwezedwe masentimita 46 kuchokera pansi. Lamuloli ndi lanzeru kulikonse. Limakhudzanso hita zamagetsi, popeza thermostat ndi switch zimathetheka pang'ono nthawi iliyonse zikamatseka ndi kutsekula, ngakhale pa hita ya mafuta ija. Mafuta akasowa pa filling station anthu amasunga zigubu za petulo m'galaja, ndipo okonza njinga zamoto amatsukira zitsulo m'beseni la petulo. Zikatero palibe hita yoyenera m'chipindamo mpaka zigubu zitasamukira kosungira kwina kunja kwa nyumba. Thinner, penti ya mafuta ndi guluu wa contact ndi chimodzimodzi: pakani hita ili yozima, zitseko zili zotsekula, muyatse fungo litatha. Guluu woyera wa matabwa yekha ndi amene amafuna kufunda, chifukwa pansi pa 10°C sagwira bwino, ndipo alibe nthunzi yoyaka.

Kwerani m'denga ndi tochi muone ngati khoma lapakati pa galaja ndi nyumba likufika ku malata. Ngati silifika, mmisiri alikweze ndi njerwa n'kumata mipata ndi matope a simenti. Chitseko cholowera m'nyumba chikhale cha thabwa lolimba, osati chija chopanda kanthu m'kati, chikhale ndi labala kuzungulira ndi kunsi, ndiponso sipuling'i yochitseka chokha. Mavendi a khoma lakunja musawatseke onse pofuna kusunga kutentha. Pafupi ndi chitseko chotulukira pachikani chozimira moto cha ufa cha makilogalamu 4.5, kapena ikanipo ndowa ya mchenga wouma. Madzi amangomwaza petulo woyaka.

Pomwe pali galimoto, gasi kapena sitovu, gulani alamu ya carbon monoxide ya mabatire, kuti izigwira ntchito magetsi atathima. Yang'anani yolembedwa EN 50291. Yotere imalira pakati pa mphindi 60 ndi 90 mpweyawu ukafika 50 ppm (magawo 50 pa miliyoni), ndipo imalira mphindi 3 zisanathe ukafika 300 ppm. Malo ake ndi m'nyumba, mu kolido pakati pa chitseko cha galaja ndi zipinda zogona. Alamu ya utsi ndi chipangizo china, sigwira mpweyawu. Kumbuyo kwa alamu kumalembedwa chaka chomwe idzathere mphamvu, nthawi zambiri pakatha zaka 7 mpaka 10.

Kusitolo, tembenuzani hita muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo kapena kunsi: pakhale 220 mpaka 240 V, 50 Hz, ndi mawati olembedwa bwino. Yolembedwa 110 kapena 120 V, monga zina zobwera pa kaunjika, imapsa mukangoilumikiza. Ngati ndi yoimika pansi, uzani wogulitsa aiyatse kenako muipendeke. Iyenera kuzima yokha nthawi yomweyo. Funsani ngati ili ndi chozimitsa ikatenthetsa. Waya wake akhale wa nthambo zitatu ngati thupi la hita ndi lachitsulo, ndipo pa ya infrared funsaninso ngati timachubu take timapezeka pasitolopo, chifukwa nditomwe timayamba kufa.